Hedi ya Kombi ikang'aluka, funsani kaye chaiwotcha

Alimi anzanga, sabata ino ndisiyako za feteleza ndi mbewu kuti tikambe za galimoto, pakuti tomato wokongola m'dimba sapindulitsa akalephera kufika pamsika. Mlimi wina amene ndimamulangiza ku Ntcheu ali ndi VW Kombi yakalekale, ija ya injini kumbuyo. Tsiku lina ndili momwemo, titapakira madengu a tomato kupita ku Lilongwe, galimotoyo idayamba kufooka pokwera zitunda za ku Dedza, kumbuyoku kukumveka kufwenthera ngati tayala lobooka. Tidagona panjira, ndipo tomato wambiri adafika atafewa. Vuto linali hedi, womwe ndi mutu wa injini.

Injini imeneyi ilibe redieta ndipo simwa madzi. Imazizira ndi mphepo yochokera ku fani, yomwe malata okuta injiniyo amailondolera pa masilinda anayi. Mahedi ndi awiri, a aluminiyamu, ina kumanzere ina kumanja, iliyonse yavindikira masilinda awiri. Mphepo ikachepa, hedi ndiyo imayamba kupsa. Imang'aluka pakati pa mavalavu kapena kuyambira pa bowo la pulagi, mwinanso mpando wa valavu umakhwefuka. Pa injini zopangidwa 1971 isanafike, silinda ya nambala 3 ndiyo imatentha koposa chifukwa choziziritsira oilo chidaikidwa panjira ya mphepo yake.

Tsono mukonze kapena mugule ina? Ngati angotha ndi mazinga a pa bowo la pulagi, kapena mavalavu apsa koma hedi ili yamphumphu, konzetsani. Ndalama zake n'zochepa. Koma ngati mng'alu walowa mkati, ine ndimati igulidwe ina. Kuwotcherera aluminiyamu kumafuna mmisiri wa zipangizo zake, osati uja wa mafelemu a mawindo, ndipo hedi yowotchereredwa mwachisawawa imatsegukanso galimoto ikangosenza katundu. Pogula yogwirapo kale ntchito, itsukeni ndi parafini n'kuiyang'ana padzuwa, chifukwa mwaye umabisa ming'alu. Ifanenso ndi inzake yotsalayo: ena mwa mahediwa ali ndi khomo limodzi lolowera mpweya ndi petulo, ena awiri. Ngakhale fakitale idasiya kupanga Beetle ku Mexico mu 2003 ndi Kombi ku Brazil mu 2013, mahedi atsopano akupangidwabe ndi makampani ena, ndipo amaitanitsidwa kuchokera ku South Africa.

Ntchitoyi imayenda bwino injini itatsitsidwa pansi. Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa: pa injini ya 1600 palibe gasiketi pakati pa hedi ndi silinda, zitsulo ziwirizo zimangogwirana zokha. Makaniko akakulemberani mtengo wa hedi gasiketi, mufunseni akuonetseni pomwe ikakhale. Chofunika n'chakuti milomo ya masilinda ndi pokhalira pake pakhale poyera ndi posalala, ndipo timalabala ta m'mapaipi a mapushirodi tikhale tatsopano.

Manati a hedi ndi asanu ndi atatu. Amangidwe pang'onopang'ono, mopingasa, ndi sipanala yoyezera mphamvu: 32 Nm pa mabawuti a 10 mm, 25 Nm pa a 8 mm. Ndidaonapo mnyamata akulumikiza paipi ku sipanala kuti "zigwire", osadziwa kuti thupi la injiniyi ndi la chitsulo chofewa cha maginiziyamu. Bawuti imazuka, hedi n'kumapumira m'mbali. Mukatha, mpata wa mavalavu ukhale 0.15 mm injini ili yozizira. Muuyezenso pakatha masiku ochepa, kenaka pa makilomita 5,000 alionse. Valavu yomwe mpata wake ukungotsekeka nthawi zonse ndiye kuti ikutamuka, ndipo isinthidwe isanaduke n'kuboola pisitoni.

Zonsezi n'kutaya ndalama ngati chidawotcha hediyo chikadalipo. Onani lamba wa fani ngati sakuterera, taimingi ngati sidapitirire, ndiponso kabuleta ngati sikupereka petulo wochepa. Pa Kombi ya mlimi uja tidapeza kuti makaniko wina adachotsa malata awiri a pansi pa masilinda, ati injini izipuma bwino, ndipo labala lotchinga mphepo yotentha kuti isabwerere ku fani lidali litaduka. M'mipata ya masilinda mudali mutamatirira fumbi, oilo ndi mankhusu a chimanga, pakona pena mbewa zitamanga chisa. Malatawo tidakawapeza kwa ogulitsa zitsulo zakutha pa mtengo wosafika dengu limodzi la tomato.