Mitengo imene nkhwangwa imaiopa

Mukaima pachitunda kwa Kasakula mwezi wa Okutobala, dziko limaoneka ngati lametedwa mpala. Koma apa ndi apo mumaona timisitu tothithikana, tobiriwira, pakati pa minda yolambulidwa kale. Amenewo ndi manda. Mitengo ina inathera ku zigafa za fodya ndi ku makala, koma mkuyu wakumanda palibe amene angaugunde ndi nkhwangwa, kupatula adzukulu patsiku la maliro, nawonso amfumu atalola. Manda ambiri omwewa ndiwonso dambwe la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Mlonda wa boma kulibeko. Mitengoyi imalonderedwa ndi mantha komanso ulemu.

Anthu a ku Japan sangadabwe nazo izi. Chipembedzo cha makolo awo, Shinto, chimati mizimu yotchedwa kami imakhala m'mapiri, pamathithi, m'miyala ndi m'mitengo ikuluikulu. Akachisi ake alipo pafupifupi 80,000, ndipo ambiri ali mkati mwa kankhalango kawokawo, ngakhale m'tauni. Mtengo wopatulika amauzenga chingwe chopota ndi mapesi a mpunga kuti wodutsa adziwe. Phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, nalonso ndi lopatulika.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi kachisi wa ku Ise. Pakatha zaka 20 zilizonse amamanga wina watsopano pambali pake, wofanana ndendende, wamatabwa ndi denga la udzu, kenako n'kugwetsa wakaleyo. Komaliza anachita zimenezi mu 2013. Zimandikumbutsa zimene agogo anga aakazi ankasimba za kachisi wakwathu: kanyumba kaudzu kofika m'chiuno, patsinde pa msolo. Mvula ikakana, akuluakulu ankakamanganso, n'kuthira ufa ndi mowa wamasese pansi, akuwomba m'manja. Chiswe chikakadya, palibe ankadandaula. Chofunika chinali malowo ndi anthu odziwa kamangidwe kake. Zinthu zikafika povuta, nkhani inkapita ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, kwa Makewana, mayi amene ankagwira mvula ya Achewa.

Tinasiyana ndi anthu a ku Japan pamene panabwera chipembedzo chachiwiri. Chibuda chinafika ku Japan kudzera ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo sichinathamangitse kami. Mu 1868 boma linalamula kuti ziwirizi zilekane, komabe mpaka lero banja limodzi limatha kupita ndi khanda ku kachisi wa Shinto, maliro n'kuitanira wansembe wa Chibuda. Kuno, amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, munthu anayenera kusankha: kalasi ya kutchalitchi kapena dambwe. Ine ndinakulira m'tchalitchi ndipo sindikudandaula, koma ndimaona kuti potaya akachisi tinatayanso mitengo imene inkawaphimba.

Manda anapulumuka chifukwa Mkhristu ndi wakudambwe onse amakagona komweko. Tsopano mandawo nawonso akuyamba kuyera, ndipo olakwa si owotcha makala ayi. Ndi ife ana a m'tauni, obwera ndi matumba a simenti kudzamanga ziliza. Chiliza chimafuna malo oyera, mizu imang'amba konkire, ndiye mmisiri amapempha kuti mtengo wapafupi uchoke, ndipo amfumu zimawavuta kukaniza munthu amene akulemekeza mayi ake.