Mpunga wa Manjano: Kaphikidwe Kake ndi Phindu Lake M'thupi

Ku Magaleta, monganso m'madera ambiri a boma la Neno, mpunga ndi chakudya cha masiku akuluakulu. Nsima ndiyo imasunga mudzi chaka chonse, koma pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena pakafika mlendo wolemekezeka, mwana amatumidwa kumsika kukagula mpunga. Mpungawo umachokera kutali: Kilombero wonunkhira uja kwawo ndi ku Karonga, pamene Faya amalimidwa kwambiri ku Nkhotakota ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa. Popeza ndi chakudya cholowa m'thumba, nkoyenera kuti tsiku limene chapezeka chiphikidwe mwaluso.

Kaphikidwe kozolowereka ndi ka madzi, mchere ndi mafuta basi. Komatu pali zomera ziwiri, zotha kumera kuseri kwa nyumba, zimene zimasintha maonekedwe ndi fungo la mpunga. Choyamba ndi manjano, muzu wofanana ndi jinja umene ena amautcha chikasu potsata mtundu wake, ndipo m'masitolo ufa wake umalembedwa kuti turmeric. Chachiwiri ndi udzu wa fungo la mandimu, wodziwika ndi dzina loti lemongrass, umene ambiri amauwiritsa ngati tiyi. Masiku ano zomera ziwirizi zatchuka pa chifukwa chinanso: pa mafoni pamayenda mauthenga onena kuti zimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ngakhalenso khansa. Choncho munthu wophunzira ayenera kudziwa kaphikidwe kake, ndiponso pamene phindu lake limalekezera.

Mpunga wophikidwa ndi zomera ziwirizi pamodzi kwawo ndi ku Indonesia, kumene amautcha nasi kuning. Kumeneko amauphika ndi mkaka wa kokonati, nauumba ngati chulu pa mbale yaikulu, ndipo amaudya pa zikondwerero, monga mmene kuno mpunga uliri wa masiku a chisangalalo. Amalawi ogwira ntchito ku Cape Town amakumana ndi mbale wake wotchedwa geelrys, wothira manjano ndi mphesa zouma, amene adafika kumeneko ndi anthu amene Adatchi adawatenga ukapolo ku Indonesia ndi ku India kuyambira m'zaka za m'ma 1600.

Wophikira anthu asanu atenge makapu awiri a mpunga, apete, asankhe miyala, natsuka mpaka madzi atayera. Akonzenso anyezi mmodzi, adyo pang'ono, masupuni awiri aakulu a mafuta ophikira, supuni imodzi yaing'ono ya ufa wa manjano, katsabola wakuda kongotsina ndi zala, ndi mapesi awiri a lemongrass. Pa udzuwu fungo lambiri lili kutsinde koyerako. Kumeneko akuphwanye ndi mthiko kuti mafuta ake atuluke, masambawo awamange mfundo kuti asavute kuchotsa.

Akazinge anyezi ndi adyo m'mafuta mpaka zitafewa. Kenaka athire manjano ndi tsabola uja, natakasa kwa kanthawi kochepa chabe, pakuti manjano akapserera amawawa. Atsanuliremo mpunga, autembenuze kuti njere iliyonse ilandire mtundu, ndipo athire makapu anayi a madzi otentha, lemongrass, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zikawira achepetse moto, avundikire, ndipo asatakasenso. Pakatha mphindi 15 kapena 20 madzi amakhala ataphwa. Wophikira pa mafuwa kapena pa mbaula aike makala pamwamba pa chivundikiro monga mwa nthawi zonse, nadikira mphindi zina 10. Udzu uja suyenera kudyedwa, auchotse asanapakule.

Mafuta ndi tsabola wakuda zili m'kaphikidwe kameneka pa chifukwa. Chimene chimapatsa manjano mtundu wake chimatchedwa curcumin, ndipo akatswiri awiri, Vogel ndi Pelletier, adachipatula koyamba ku muzuwu m'chaka cha 1815. Curcumin sasungunuka bwino m'madzi koma m'mafuta, ndipo ngakhale atadyedwa, wochepa kwambiri ndiye amalowa m'magazi. Wotsalayo thupi limamutaya. Mu 1998 akatswiri a pa St John's Medical College ku Bangalore, m'dziko la India, adapeza kuti piperine, chimene chimachititsa tsabola wakuda kuwawa, chimachulukitsa kwambiri curcumin wolowa m'magazi a munthu.

Kafukufuku wambiri wa m'nyumba zoyesera zinthu waonetsa kuti curcumin amachepetsa kutupa, ndipo mayeso ena a pa anthu aonetsa kuti amapeputsako ululu wa nyamakazi ya m'mawondo. Apa mphunzitsi wa masamu ali ndi funso labwino lopatsa ana ake. Supuni yaing'ono ya manjano imalemera pafupifupi magalamu 3. M'magalamu 100 alionse a ufawu, curcumin amakhalamo pafupifupi magalamu 3. Ndiye kuti m'supuni ija muli mamiligalamu 90, ndipo akagawana anthu asanu, aliyense amalandira 18. Anthu a m'kafukufuku wa ku Bangalore adapatsidwa mamiligalamu 2,000 aliyense, kuposa pamenepa maulendo 100. Mbale ya mpunga wa manjano ili kutalitali ndi muyeso umene akatswiri amayesera.

Wina angaganize kuti njira ndiyo kumwa manjano ochuluka. Imeneyo ili ndi ngozi yake. Mu 2019 ku Italy anthu oposa 20 adadwala chiwindi atamwa mapiritsi a manjano ogulitsidwa ngati zolimbitsa thupi, ndipo ambiri mwa mapiritsiwo adali osakaniza ndi piperine yemwe uja. Manjano a m'mphika sadetsa nkhawa munthu wabwinobwino. Koma womwa mankhwala oletsa magazi kuundana, wodwala ndulu, ndi mayi woyembekezera, asamwe manjano ambiri asanafunse kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Nkhani ya lemongrass ndi yofanana. Fungo lake limachokera ku citral, amene ndiye gawo lalikulu la mafuta a udzuwu, ndipo m'nyumba zoyesera zinthu mafutawo amalepheretsa tizilombo tina kuswana. Ku Brazil anthu akhala akumwa tiyi wa udzuwu kuti mtima ukhale pansi ndi kuti agone bwino. Mu 1986 akatswiri a ku São Paulo adamuyesa tiyiyo pa anthu: adapeza kuti sawononga thupi, koma sadapeze kuti amabweretsa tulo kapena kuchotsa nkhawa. Ndi chakumwa chokoma, chosafuna ndalama, ndipo zimenezo nzokwanira kuti munthu achikonde.

Phindu lenileni la mpunga wotere lili pa chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndicho mchere. Chakudya chopanda fungo chimakometsedwa ndi mchere wokha, ndipo dzanja limazolowera kuonjeza. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli kuchepera pang'ono pa supuni yaing'ono imodzi, powerengera zakudya zonse za tsikulo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Mpunga wonunkhira manjano, adyo ndi lemongrass umakoma ndi mchere wochepa, ndipo chimenechi chimathandiza mtima m'njira yotsimikizika.

Komabe mtundu wa chikasu susintha chimene mpunga uli. Mpunga woyera umakweza shuga m'magazi mofulumira, kaya uli ndi manjano kaya ulibe, kotero kuti wodwala shuga ayenera kupakula pang'ono. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ana amaphunzira kusukulu, mbale imeneyi yakwaniritsa awiri okha, la zokhutitsa ndi la mafuta. Otsalawo Neno ali nawo: nandolo kapena nyemba, nkhwani wotendera, dzira kapena nkhuku, ndi nachesi pomaliza.

Anthu a ku Magaleta ali ndi mwayi umene madera ambiri alibe. Bungwe la Partners In Health, limene kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ku Neno mu 2007. Mu 2015 adakhazikitsa ndondomeko yoti odwala matenda a mgonagona, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu ndi HIV, azionedwa pa kiliniki imodzi m'zipatala za m'bomalo, kuphatikizapo chipatala chaching'ono cha Magaleta. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka kupweteka. Munthu wosiya mapiritsi chifukwa wayamba kumwa manjano angathe kudzimva bwino kwa miyezi ingapo, kufikira tsiku limene adzafa ziwalo mbali imodzi. Mwana wa sukulu amene amawerengera agogo ake mauthenga a pa foni ali ndi udindo waukulu pamenepa, pakuti mawu ake amakhulupiriridwa.

Chomaliza ndi kumene manjanowo achokera. Mu 2019 akatswiri a ku Stanford University, pamodzi ndi anzawo a ku Bangladesh, adaulula kuti amalonda ena a m'dzikolo ankapaka mizu ya manjano utoto wokhala ndi mtovu kuti iwale, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Boma la kumeneko lidachitapo kanthu, koma phunziro lake ndi la aliyense wogula ufa wosadziwika gwero lake: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chanzeru ndi kudzala. Kachidutswa ka muzu kokhala ndi diso kamakwiriridwa mvula ikayamba, ndipo pakatha miyezi 8 kapena 9, masamba akauma, mizu imakumbidwa, kuwiritsidwa, kuyanikidwa ndi kusinjidwa mumtondo. Lemongrass amangofuna kugawa tsinde kwa mnansi ndi kulidzala pamalo pamene pamatayidwa madzi otsukira mbale. Dimba la sukulu lingathe kusunga zonse ziwiri, ndipo banja lodzala mvula ya chaka chino lidzakhala ndi manjano ake ake Khirisimasi ya chaka chamawa isanafike.