Chilungulira chimakuwa, mafuta a m'magazi amabwera mwakachetechete

Kunja kukada ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, m'nyumba zambiri mumamveka sipuni ikulira m'kapu. Si tiyi ayi. Ndi soda wophikira therere uja, akusungunulidwa m'madzi kuti azimitse moto wa pachifuwa. Ife timati chilungulira, anzathu Achishona amati chirungurira.

Ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mbare kuli ana ndi zidzukulu za Amalawi omwe anabwera ku Southern Rhodesia kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, n'kutchona. Makolowo anakulira nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi khobwe. Zidzukulu zawo zimadzuka ndi buledi wopaka majarini kapena mandasi, omwe kuno amati magwinya. Masana ndi tchipisi ndi soseji pokwerera makombi. Nsima yeniyeni imadyedwa usiku kwambiri, munthu atafika kuchokera m'tauni kapena magetsi atayaka, ndipo akangosamba m'manja, uyo pabedi.

Chilungulira chimayambira pamenepo. Pomwe kholingo la chakudya limakumana ndi chifu pali mnofu wogwira ntchito ngati chitseko. Mimba ikadzaza, munthu n'kugona chagada, asidi wa m'chifu amakankha chitsekocho n'kukwera mpaka kukhosi. Zakudya zonona, mowa, fodya ndi kukula kwa mimba zimachifooketsa kwambiri. Choncho mankhwala oyamba sagulidwa: kudya pang'ono usiku, kudikira maola awiri kapena atatu musanagone, kugonera kumanzere, ndi kuika njerwa pansi pa miyendo yakumutu ya bedi kuti ikwere masentimita 15 kapena 20. Kuunjika mapilo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kumangopinda thupi pamimba.

Soda amaziziritsadi, n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira. Koma muli sodium, yemweyo wa mumchere, ndipo munthu wa BP amene akumwa soda usiku uliwonse akudzikolezera moto wina. Palinso mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, omwe amagulitsidwa ngakhale pamsewu. Amayi onyamula madengu ku Mbare Musika amawamwa chifukwa cha msana, osadziwa kuti amakanda chifu. Ndipo zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, komwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandira nako mphotho ya Nobel mu 2005. Kameneka sikamva soda, kamafuna mankhwala a kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chizolowezi chotcha kupweteka kulikonse kwa pachifuwa chilungulira. Ngati nsima yayamba kukakamira pomeza, thupi likutha, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, musachedwe ndi zitsamba. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo nthendayi imayamba ndi kuvutika kumeza. Ululu wofinya pachifuwa, wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu, ungakhale mtima. Pamenepo njira ndi ya ku Sally Mugabe Central Hospital kapena ku Parirenyatwa, usiku womwewo.

Mafuta a m'magazi, omwe achipatala amati cholesterol, alibe phokoso lotere. Sapweteka, satupitsa, ndipo munthu wowonda naye akhoza kukhala nawo ambiri. Gawo lalikulu limapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe. Mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka umamatirira m'mitsempha pang'onopang'ono, kwa zaka, mpaka tsiku lomwe munthu wagwa ndi sitiroko kapena mtima. Nyama yonona, soseji, chikopa cha nkhuku, zowotcha za Loweruka kwaMereki ku Warren Park, zonsezi zimaukweza. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa magazi, ndipo madokotala amafuna kuti mulingo wonse usapitirire 5 mmol/L. Amene akumwa ma ARV afunse anamwino za kuyezetsaku, chifukwa ena mwa mankhwalawa amakweza mafuta m'magazi.

Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, ndipo mu 2025 linawonjezera wina pa zakudya monga tchipisi ndi nkhuku yokazinga. Msonkho sungaphikire munthu. Koma zimene angaphike zili mbwee ku Mbare Musika, ndipo zambiri tikuzidziwa, maina okha ndiwo asintha. Nkhwani ndi muboora, luni ndi nyevhe, mpiru ndi tsunga, nzama ndi nyimo, mfutso ndi mufushwa, mawere ndi zviyo. Nyemba, khobwe ndi therere zili ndi ulusi womwe umagwira cholesterol m'matumbo n'kutuluka naye. Nsinjiro ili ndi mafuta abwino kuposa a nyama, ndipo kapenta wa ku Kariba safuna kusambira m'mafuta kuti akome. Bungwe la World Health Organization limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, mchere wosafika magalamu asanu, ndi mphindi 150 pasabata zoyenda ndawala kapena ntchito yotulutsa thukuta. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kamawerengedwa momwemo.

Zimandiwawa kuona mwana wa m'banja lachimalawi akuchita manyazi ndi mfutso, ati ndi ndiwo za aumphawi, koma n'kutulutsa madola kugula botolo la mankhwala lopanda dzina lomwe akuti limatsuka magazi. Tiyi wa zumbani, yemwe anatchuka nthawi ya Covid-19, ndi wabwino kumwa, ndipo chammwamba ndi ndiwo yopatsa thanzi, koma sizilowa m'malo mwa mapiritsi a statin, otsitsa mafuta a m'magazi, kwa munthu amene dokotala wamulembera. Musanagule botolo lotere, yang'anani ngati linalembetsedwa ku Medicines Control Authority of Zimbabwe, ndipo mukapita kukiliniki ya khonsolo kukayezetsa BP, litengeni anamwino akalione.