MITENGO IMAPUMA, SETILAITI IMAYEZA

Tikamadutsa m'nkhalango ya tsanya masana, dzuwa likuswa mtengo, timamva fungo. Tikatikita tsamba la bulugamu m'manja, timamvanso fungo. Fungo limeneli ndi mpweya wotuluka m'masamba. Sitiuona ndi maso, koma ulipo.

Mpweya wa m'masamba

Mitengo imatulutsa mpweya wamitundumitundu. Wina ndi okisijeni, umene tonsefe timapuma. Wina mphuno zathu sizimaumva bwino. Dzina lake ndi isoprene.

Bulugamu amatulutsa isoprene wambiri. Mitengo ina imatulutsa pang'ono, ina ayi. Masamba amautulutsa kukawala ndi kukatentha. Usiku amaleka. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mpweya umenewu umathandiza tsamba kupirira kutentha.

Zomera za dziko lonse lapansi zimatulutsa matani pafupifupi 500 miliyoni a isoprene chaka chilichonse. Wochuluka umachokera ku maiko otentha, makamaka ku nkhalango za Amazon ndi Congo. Nkhalango zathu nazonso zimaperekako gawo lake.

Nanga amauyeza bwanji?

Kodi munthu angayende ndi sikelo, mtengo ndi mtengo, kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara? Sangathe. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito setilaiti.

Setilaiti ndi makina amene anthu anawaponya kumwamba. Amazungulira dziko usana ndi usiku. Nthawi zina madzulo timawaona akuyenda ngati nyenyezi. Mu 2004 dziko la America linaponya setilaiti yotchedwa Aura, pa mtunda wa makilomita 700 kuchokera pansi. Inanyamula chida choyezera mpweya chimene anapanga anthu a ku Netherlands ndi Finland. Mu 2017 maiko a ku Ulaya anaponya ina, Sentinel-5P. Imeneyi imayang'ana dera lathu tsiku ndi tsiku, cha m'ma 1 koloko ndi theka masana.

Setilaiti ziwirizi siziona isoprene weniweniyo. Isoprene sakhalitsa. Pakapita maola ochepa amasanduka mpweya wina, wotchedwa formaldehyde. Umenewu ndiwo setilaiti imauona.

Zimayenda motere. Kuwala kwa dzuwa kumafika pansi, kenaka kumabwerera kumwamba. Pa njira, formaldehyde amameza gawo lina la kuwalako. Setilaiti imayeza kuwala kumene kwasowa. Kukasowa kwambiri, ndiye kuti formaldehyde ndi wambiri. Formaldehyde akachuluka, ndiye kuti mitengo yatulutsa isoprene wambiri.

Paja ifenso timatero. Tikapeza gaga wambiri pa mtondo, timadziwa kuti pano asinja chimanga chambiri, ngakhale chimangacho sitinachione.

Mitambo ikaphimba, setilaiti siona bwino. Tsono akatswiri amayezanso mpweya ali pansi, pa nsanja zazitali m'nkhalango, ndiponso ali m'ndege. Akatero amayerekeza manambala onse, kuti asanamizike.

Utsi wathu umaoneka

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ntchitoyi. Chinthucho ndi moto wolusa. Utsi wa tchire nawonso uli ndi formaldehyde. Akatswiri akapanda kusamala, angawerenge utsi ngati mpweya wa mitengo.

Choncho amafunsa setilaiti zina, zimene zimaona malo otentha. Terra inaponyedwa mu 1999, Aqua mu 2002, ndipo zatsopano zinatsatira. Pamene pali moto, pa mapu pamaoneka kadontho kofiira. Akatswiri amachotsa malo amenewo pa chiwerengero chawo.

Anzathu, apa ndi pamene nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mapu a Tete, Niassa ndi Zambézia amadzaza madontho ofiira. Pa malo onse amene amapsa pa dziko lapansi chaka ndi chaka, oposa theka ali muno mu Africa. Moto wambiri sumadziyatsa wokha. Timayatsa ndife: pososa, posaka mbewa, pofuna msipu watsopano.

Isoprene payekha saononga mbewu. Koma akakumana ndi mpweya wa mu utsi, dzuwa lili phwee, pamabadwa mpweya wina, wotchedwa ozoni. Ozoni wa kumwamba kwambiri ndi wabwino, amatitchinga ku dzuwa. Ozoni wa pansi pano ndi woipa. Amalowa m'masamba, mbewu monga nyemba ndi tirigu n'kubereka mochepa. Amapwetekanso chifuwa cha ana ndi okalamba.

Palinso china. Mapesi akapsa, nayitrojeni amene anali m'menemo amapita ndi utsi. Ameneyu ndi chakudya chomwe chija timachigula m'thumba la feteleza. Timatsala ndi phulusa, mphepo n'kuliulutsa. Nthaka imakhala yamaliseche, mvula yoyamba n'kuikokolola.

Tichite chiyani mu kooperativa yathu?

1. Tisatenthe mapesi. Tiwakwirire m'mizere, kapena tiphimbire nthaka.
2. Udzu ndi masamba tiziunjika pamodzi ndi ndowe, tipange manyowa.
3. Udzu usanaumitsitse, tilambule njira yotchinga moto kuzungulira munda, nkhokwe ndi nkhalango.
4. Tiwauze ana kuti mbewa za ndiwo ya tsiku limodzi sizilingana ndi nkhalango.
5. Moto ukabuka, tiitanizane. Tisanene kuti "si munda wanga".

Mpweya wa mitengo sitingauletse, ndipo palibe chifukwa chouletsera. Utsi ndiwo uli m'manja mwathu.

Tiwerenge ndi kulemba

mpweya, masamba, kuwala, setilaiti, utsi, mapesi, manyowa

Tikambirane

1. Kodi masamba amatulutsa isoprene nthawi yanji?
2. Chitsanzo cha gaga chikutiphunzitsa chiyani?
3. Chaka chatha moto unapsereza malo ati m'mudzi mwathu? Unayamba bwanji?
4. Njira yotchinga moto tidzalambula tsiku liti, ndipo adzatsogolera ndani?