KUWAWA KWA MSANA NDI KUTIKITA THUPI

Nyengo ya kugalauza ndi kuunda mizere ikafika, anthu ambiri m'midzi mwathu amadandaula msana. Mwamuna amawerama ndi khasu kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa lili pamutu. Mkazi naye akaweruka kumunda amapita kudambo nasenza ndowa ya madzi, mwana ali kumbuyo. Pofika madzulo onse awiri alephera kuwongoka. Vuto ili si lathu lokha ayi. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 619 miliyoni anali kumva kuwawa m'chiuno.

Tsono ambiri amafunsa kuti: kodi kutikita ndi kuthowa kumene makolo athu anali kuchita ndi mankhwala enieni? Tiyeni tione.

Msana ndi wotani?

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana. Mwa timeneti, 24 ndi totha kugwedezeka: 7 m'khosi, 12 kuseri kwa chifuwa, ndi 5 m'chiuno. Pakati pake pali tinthu tofewa tonga nkhata, toletsa mafupa kupekesana. Kumbali zonse kuli minofu yogwira mafupawo monga luzi ligwira nsichi za nyumba. Kawirikawiri msana ukawawa sikuti fupa lathyoka kapena lachoka m'malo. Ndi minofu ndi mfundo zimene zatopa ndi kuuma. Kuwawa kotere kumachepa kokha pa milungu 6. Koma kukapitirira miyezi itatu, timati kwakhalitsa.

Ntchito ya manja

Kutikita ndi luso lakale. M'chaka cha 1894 anamwino anayi a ku Britain anayambitsa bungwe la otikita ophunzira, ndipo lusoli ndi limodzi mwa mizu ya ntchito imene lero timaitcha mafizo. Munthu wa mafizo amayamba waona m'mene wodwala aimira, m'mene ayendera ndi m'mene aweramira. Kenaka amafewetsa minofu youma ndi manja ake, nagwedeza mfundo pang'onopang'ono, naphunzitsa wodwalayo masewera oti azikachita kunyumba.

M'chaka cha 2023 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kuwawa kwa m'chiuno kokhalitsa. Linavomereza kutikita monga njira imodzi yothandiza, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa wodwala. Linakana njira yokoka msana ndi zitsulo, ndiponso kumanga lamba wolimba m'chiuno.

Mfundo yaikulu ndi iyi: kutikita kumachepetsa ululu kwa masiku ochepa, koma sikuchiza pakokha. Phindu lake ndi lakuti munthu amapeza mpata wodzuka ndi kuyenda. Wogona pamphasa mlungu wathunthu msana wake umaumirabe, ndipo minofu imafooka.

Kutikita kunyumba

1. Wodwala agone chafufumimba pamphasa, kansalu kopinda kali kunsi kwa mimba.
2. Muthowe ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15. Yesani madziwo pamkono panu poyamba, mungamuwotche.
3. Pakani mafuta pang'ono m'manja, a nsatsi kapena ophikira.
4. Tikitani ndi chikhatho kumbali zonse ziwiri za msana, kuchokera m'chiuno kukwera kumapewa, kwa mphindi khumi. Musakanikize pamafupa penipeni.
5. Wodwala akati zawawa, chepetsani mphamvu. Musalole munthu kuponda pamsana ndi mapazi, ngakhale mwana.
6. Mukatha, wodwalayo adzuke nayende pabwalo pang'ono.

Pogwira ntchito

Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Potukula katundu wotere, pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo musapotokole chiuno muli chinyamulire. Akulu anati mutu umodzi susenza denga: itanani mnzanu akusenzetseni, akutuleninso. Kumunda, mukatha mzere uliwonse imirirani, manja m'chiuno, ndi kudziwongola. Ngati mpini wa khasu uli waufupi, semani wina wotalikirapo.

Pamene simuyenera kutikita

Apa mpofunika kuchenjera, chifukwa pali matenda ena amene amabisala m'kuwawa kwa msana. Pitani naye kuchipatala msanga munthu amene:

- ali kuwonda, kutentha thupi, kapena kutuluka thukuta usiku;
- wayamba kutuluka linunda pamsana;
- miyendo yake yachita dzanzi kapena yafooka;
- alephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zingotuluka zokha;
- wagwa mumtengo, padenga kapena panjinga.

Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha. Chimadyanso mafupa a msana, ndipo munthu akachedwa angathe kupuwala miyendo. Mankhwala ake alipo, ndipo ndi aulere m'zipatala za Boma. Mphini ndi kutikita sizingachize nthenda imeneyi. Ndiponso katumba wa mwendo umodzi akatupa, natentha, nawawa, musamutikite, pakuti mwina magazi aundana mumtsempha. Mayi wapakati afunse anamwino kusikelo asanatikitidwe.

Amene msana wawavuta miyezi yambiri apite kuchipatala cha pafupi kuti akawapime. Ngati kuli kofunika, adzawatumiza kwa a mafizo, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Inu aphunzitsi, werengerani ana nkhani iyi, ndipo musawasiye ali khale pansi nthawi yaitali osaimirira. Inunso odziwa kuwerenga, fotokozerani anzanu pabwalo la amfumu, makamaka zizindikiro zisanu zija, kuti wina asapuwale chifukwa chochedwa kupita kuchipatala.