Kodi mwala ukafinyidwa kwambiri umasanduka chiyani?

Ana inu, mbiya ikagwa pansi imasweka. Njerwa yootcha nayo mukaimenya ndi hamala imabenthuka. Zinthu zotere, zimene zimalimba chifukwa chootchedwa pa moto waukulu, akatswiri a sayansi amazitcha seramiki. Zimasweka chifukwa mphamvu yazigunda mbali imodzi. Nanga bwanji zitapanikizidwa mbali zonse nthawi imodzi, pamwamba, pansi ndi m'mbali momwe, mpaka zibenthu zake kusowa kothawira? Lero tiona zimene zimachitikira seramiki ina yotchedwa silicon oxynitride ikapanikizidwa chonchi.

Seramiki imeneyi ili ndi maatomu a mitundu itatu. Maatomu ndi tizinthu ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga chilichonse, ndipo sitioneka ndi maso. Mtundu woyamba ndi silikoni, amene amapezeka wambiri mumchenga. Ina iwiriyo ndi nayitrojeni ndi okosijeni, yomwe ili mumpweya umene mukupumawu. Anthu amaipanga m'ng'anjo zotentha kwambiri, ndipo amaikonda chifukwa imapirira moto. Kagawo kake kopyapyala kamagwiritsidwanso ntchito mkati mwa tizipangizo ta makompyuta.

Chodabwitsa n'chakuti chilengedwe chinayamba kale kuipanga. Mu 1926, mwala wochokera kumwamba unagwa ku Sindh, dera limene lero lili m'dziko la Pakistan. Mu 1964, Klaus Keil, Brian Mason ndi mnzawo wina anaunika mwalawo n'kupezamo timibulu ta silicon oxynitride. Anatipatsa dzina lakuti sinoite.

Kuti mumvetse mmene maatomu ake amakhalira, tengani dongo ndi timitengo ta machesi tinayi. Umbani kampira kamodzi, kakhale silikoni. Bayanimo timitengo tinayi: titatu tiloze pansi motangadza ngati miyendo, kamodzi kaloze kumwamba. Pa nsonga za titatu ta pansi ikanipo timipira ta nayitrojeni, pa ka pamwamba ikanipo kampira ka okosijeni. Mwamanga kachigawo kamodzi ka seramiki yathu. Silikoni aliyense ali ndi anansi anayi.

Mu seramiki yeniyeni, tizigawo totere timagwirana miyandamiyanda. Silikoni ndi nayitrojeni amalukana n'kupanga magawo okhala ngati mapepala okwinyika, osanjikizana. Okosijeni aliyense amaima pakati pa magawo awiri, atagwira silikoni wa uku ndi silikoni wa uko. Umbani kachigawo kachiwiri, muchotse okosijeni wake, ndipo mubaye kamtengo kotsalako pa okosijeni wa kachigawo koyamba. Tsopano kankhani tizigawo tiwirito pang'onopang'ono kuti tiyandikane. Mwaona pamene papindika? Ndi pa okosijeni paja.

N'zimenenso zimachitika seramikiyi ikayamba kupanikizidwa. Tizigawo timene tili tolimba sitisintha kwenikweni, koma polumikizira paja pamapindika, magawo n'kuyandikana. N'chifukwa chake imafinyika kwambiri mbali imodzi kuposa mbali zina. Mphamvu ikachotsedwa isanapyole malire, pamawongokanso.

Koma kupinda kuli ndi polekezera. Ganizirani minibasi yodzaza. Poyamba anthu amangopinda mawondo ndi kubweza zigongono. Ena akakwerabe, kakhalidwe konse kamasintha, ndipo aliyense amapezeka wagundana ndi anthu ambiri kuposa poyamba. Maatomu nawo amatero. Mphamvu ikakula kwambiri, makamaka pakakhalanso kutentha, amamasula kugwirana kwakale n'kukhala mwatsopano, mothithikana. Silikoni amene anali ndi anansi anayi amatha kukhala ndi asanu ndi mmodzi.

Silicon oxynitride ikafika pamenepa ikhoza kugawikana n'kukhala zinthu ziwiri. Silikoni wina amapita ndi okosijeni, wina amapita ndi nayitrojeni. Zinthu ziwiri zonsezi zili ndi mbiri yosangalatsa.

Silikoni ndi okosijeni ndi amene amapanga quartz, mwala wowala umene umapezeka wambiri mumchenga. Mu 1961, ku Moscow, Sergey Stishov ndi Svetlana Popova anaupanikiza kwambiri mpaka unasanduka mwala watsopano. Mu mwala umenewu silikoni aliyense ali ndi anansi asanu ndi mmodzi, ndipo ngakhale kukula kutakhala kofanana, umalemera kuposa quartz koposa kamodzi ndi theka. Chaka chotsatira, mwala womwewo unapezeka ku Meteor Crater, chidzenje chachikulu cha ku Arizona m'dziko la America, chimene chinakumbika mwala wochokera kumwamba utagunda dziko. Kugundako kunafinya miyala ya pamalopo m'kanthawi kochepa. Mwalawu anautcha stishovite.

Silikoni ndi nayitrojeni amapanga silicon nitride. Mu 1999, akatswiri a ku Germany, kuphatikizapo Andreas Zerr ndi Ralf Riedel, anapanga mtundu wake watsopano. Anagwiritsa ntchito mphamvu yoposa kupanikiza kwa mpweya wotizungulirawu maulendo pafupifupi 150,000. Kuti muone kukula kwake, pansi penipeni pa nyanja yozama kwambiri padziko lonse, ku Mariana Trench, madzi amapanikiza maulendo ongopitirira pang'ono 1,000. Mu mtundu watsopanowu, silikoni ena ali ndi anansi anayi, ena asanu ndi mmodzi, ndipo ndi umodzi mwa seramiki zolimba kwambiri zimene anthu anapangapo.

Mwina mukuganiza kuti mphamvu yotere imafuna chimakina chachikulu ngati nyumba. Zilipodi zimakina zotero, koma chida chotchuka kwambiri chimakwana m'manja. Chili ndi miyala iwiri ya dayamondi yosongoka, yoyang'anizana nsonga. Pakati pake amaikapo kachidutswa kochepa ngati fumbi, kenaka amamanga masikuluwu. Popeza nsongazo n'zazing'ono zedi, mphamvu yonse imathera pa kamalo kamodzi. Dayamondi amaonekera mkati, choncho akatswiri amatha kutenthetsa kachidutswako ndi kuwala kwa leza, n'kuunika ndi ekisileyi kuti aone pamene maatomu asamukira. Chida chimenechi chinapangidwa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Ntchito yonseyi amaigwira chifukwa chiyani? Akufuna zida zolimba zodulira ndi kuboolera zitsulo, zimene sizifooka ndi kutentha. Akufunanso kudziwa mmene miyala ilili mkati mwa dziko, kumene munthu sangafike ngakhale atakumba motani. Phunziro lalikulu ndi ili: chinthu chimadziwika ndi maatomu amene ali m'kati mwake, komanso ndi mmene maatomuwo akhalirana. Mukasintha kakhalidwe kawo, mwapanga chinthu china.

Nali funso loti mukambirane ndi anzanu kusukulu: mtima wa pensulo ndi dayamondi zonse n'zopangidwa ndi maatomu a kaboni. Nanga n'chifukwa chiyani china chimafufutika papepala pamene china chimakanda galasi?