Silabasi ya maphunziro oyendetsa ndege

Silabasi ya maphunziro oyendetsa ndege ndi ndondomeko yolembedwa yomwe imasonyeza zimene wophunzira ayenera kuphunzira, phunziro loyamba ndi lotsatira lake, komanso mulingo umene ayenera kufikapo asanaloledwe kupita patsogolo. Imasiyana ndi silabasi ya kusekondale pa mfundo imodzi yaikulu. Wophunzira wa Fomu 4 akadumpha mutu wina amangotaya malikisi pa mayeso a MSCE, koma woyendetsa ndege akadumpha phunziro amadzakumana nalo ali yekha mumlengalenga, popanda woti n'kumufunsa.

Chiyambi chake

M'zaka zoyambirira za ndege, mphunzitsi aliyense ankaphunzitsa monga mmene ankaonera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, achinyamata ambiri a ku Britain ankamwalira pa ngozi akadali pa maphunziro, asanafike n'komwe kunkhondo. Mu 1917, Robert Smith-Barry anatsegula sukulu ku Gosport, m'dziko la England, yomwe inasintha zinthu. Anakonza maphunziro motsatana, anagwiritsa ntchito ndege ya Avro 504 yokhala ndi zowongolera za anthu awiri, ndiponso chipaipi cholankhulirana kuti mphunzitsi azilangiza wophunzira ali m'mwamba. Chachikulu n'chakuti anasiya kubisira ophunzira zinthu zoopsa. Ankawalowetsa dala m'vuto, monga ndege ikayamba kugwa mozungulira, n'kuwaonetsa katulukidwe kake. Njira imeneyi inafalikira m'mayiko ambiri, ndipo masilabasi a masiku ano amatsatirabe maganizo omwewo.

Malamulo a ICAO

Bungwe la ICAO, lomwe linakhazikitsidwa kutsatira pangano la ku Chicago la mu 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal, ndi limene limaika mulingo wochepetsetsa wa ziphaso za oyendetsa ndege. Malamulowa ali m'chikalata chotchedwa Annex 1. Dziko la Malawi ndi membala wa bungweli, ndipo lamulo lake loyendetsera nkhani za ndege ndi Civil Aviation Act ya 2017.

Malinga ndi Annex 1, wofuna chiphaso choyamba, chotchedwa PPL, ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 17 ndi maola 40 ouluka. Maolawa amatsika kufika pa 35 ngati munthuyo waphunzira pa kosi yovomerezedwa ndi boma. Chimodzimodzinso pa chiphaso cha CPL, chomwe chimalola munthu kulembedwa ntchito: pamafunika maola 200, koma 150 okha kwa amene watsata kosi yovomerezeka. Apa ndi pamene mphamvu ya silabasi imaonekera poyera. Malamulo omwewo akuvomereza kuti ola limodzi lokonzedwa bwino limaphunzitsa zambiri kuposa ola longouluka popanda cholinga. Poti ola lililonse amalipira ndalama zambiri za mafuta, ndege ndi mphunzitsi, kusiyana kwa maola 50 si nkhani yaing'ono kwa banja limene likulipirira mwana wake.

Kasanjidwe ka maphunziro

Gawo lina la silabasi ndi la m'kalasi, ndipo lili ndi malamulo a mumlengalenga, zanyengo, kuwerenga mapu, kagwiridwe ntchito ka injini, kalankhulidwe ka pa wailesi ndi zofooka za thupi la munthu. Gawo linalo ndi la m'ndege. Silabasi yabwino imalumikiza magawo awiriwa, kuti zimene wamva m'kalasi m'mawa akazichite masana.

M'ndege wophunzira amayamba ndi kudziwa ntchito ya chowongolera chilichonse, kenako kuuluka mowongoka osakwera kapena kutsika, kukwera, kutsika ndi kukhota. Akatero amaphunzira kuuluka pang'onopang'ono ndi vuto lotchedwa stall, pamene mapiko asiya kunyamula ndege chifukwa akukumana ndi mphepo atapendekeka mopitirira muyezo. Kutera kumabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo pali chifukwa chake. Ndege ikamatera imakhala ikuyenda pang'onopang'ono, pafupi ndi nthaka, ndipo imakhudza pansi itatsala pang'ono kufika pa stall. Munthu amene sanayambe wamva mmene ndege imagwedezekera ikamayandikira vutoli ali pamwamba, pomwe pali danga lokonzera, sangalizindikire ali mamita ochepa kuchokera pansi. Ophunzira ambiri amafulumirira kutera poti ndi kumene kumaoneka kwa luso, koma mphunzitsi wogonjera changu chimenechi amawononga wophunzira wake.

Tsiku lalikulu ndi limene mphunzitsi amatsika n'kusiya wophunzira kuti auluke yekha. Silabasi siinena kuti izi zichitike pa ola lakutilakuti. Imanena zimene munthu ayenera kuchita bwino mobwerezabwereza: kunyamuka, kuzungulira bwalo, kutera, kusiya kutera n'kukweranso zikavuta, ndi chochita injini ikazima. Wina amafikapo msanga, wina mochedwa. Pa maola a PPL, 10 ayenera kukhala ouluka yekha, ndipo 5 mwa amenewa akhale a ulendo wopita kutali. Ulendo umodzi uyenera kukwana makilomita 270, ndi kutera pa mabwalo awiri osiyana. Kuti mtundawu umveke, kuchoka ku Lumbadzi kupita ku Kasungu, kudzera ku Salima n'kubwerera ku Lumbadzi kumapitirira pamenepo pang'ono.

Phunziro lililonse likatha, mphunzitsi amalemba zimene zachitika ndi mmene wophunzira wakhozera. Zolembazi zimateteza wophunzira. Aphunzitsi ambiri amakhala achinyamata amene akusonkhanitsa maola kuti akalembedwe ntchito ku makampani a ndege, choncho amachoka kawirikawiri. Wobwera m'malo mwake akawerenga zolembazo amadziwa poyambira, ndipo wophunzira salipiranso kawiri phunziro limodzi.

Ku Malawi ndi ku Kasungu

Amalawi ambiri oyendetsa ndege zonyamula anthu anakaphunzira kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Ethiopia. Yolanda Kaunda, yemwe mu 2016 anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni, anaphunzira ku South Africa. Zimatheka kuphunzira kwina n'kudzagwira ntchito kuno chifukwa masilabasi a mayikowa amachokera pa maziko amodzi a ICAO. Sukulu ya Malawi School of Aviation, yomwe ili pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, imadziwika kwambiri ndi kuphunzitsa ogwira ntchito za pansi monga owongolera kayendedwe ka ndege.

Komabe silabasi yolembedwa kunja siidziwa nyengo ya kuno. Bwalo la ndege la Kasungu lili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu. M'mwezi wa Okutobala kukatentha mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Nthawi yomweyo utsi wa moto wa lupsa umaphimba chigwa chonse, moti minda ya fodya, zigafa ndi midzi zimaoneka zofanana, ndipo wophunzira amadalira phiri la Kasungu ndi msewu wa M1 kuti adziwe pamene ali. Dzinja likafika, mitambo ya mabingu imakula masana, n'chifukwa chake maulendo a ophunzira amayenera kuikidwa m'mawa. Mphunzitsi wanzeru amawonjezera zimenezi pa silabasi popanda kusokoneza kasanjidwe kake.

Kasungu watchuka kwambiri pa ndege zopanda munthu mkati, zotchedwa madironi. Mu Juni 2017, boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula dera loyesera madironi lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, ndipo silabasi yake inakonzedwa ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America. Ophunzira ake amaphunzira kupanga dironi, kuiulutsa ndi kutanthauzira zithunzi zimene yajambula. Ngakhale woyendetsayo amakhala ataima pansi, amayenerabe kudziwa malamulo a mumlengalenga ndi zanyengo asanaulutse, chifukwa dironi yake imadutsa mumlengalenga momwemo mmene mumadutsa ndege zonyamula anthu.